Fodya wa Pamphuno ndi Fodya wa Pachala: Kodi Wapaulendo Adalire Ndalama za Pafoni?

Mtsutso umenewu unabuka pakhonde la amalume anga kumudzi kwathu, chakumadzulo kwa boma la Kasungu, mwezi wa Julaye. Zigafa zinali zitatsala mikangala yokhayokha, mabelo onse atapita ku Chinkhoma, ndipo ndalama zinali zitalowa kubanki. Amalume anali atatsimikiza mtima kuti chaka chimenecho agula injini yopopera madzi ya kudimba, ndipo anamva kuti yabwino akaipeza ku Chipata. Anatapa K2 miliyoni. Pepala lalikulu kwambiri la ndalama yathu panthawiyo linali la K5,000, lomwe linatuluka mu 2022, choncho anabwera ndi mapepala 400, mpukutu woti sungabisike m'thumba la buluku. Anaukulunga m'kansalu kuti aumange m'chiuno, monga ankachitira bambo awo.

Mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, amachita geni ya mtedza ndi soya, ndipo msewu wa Chinkhoma, Santhe, Kamwendo mpaka Mchinji amaudziwa ngati njira ya kuchitsime. Atauona mpukutuwo anagwira kukamwa.

"Adada, zonsezi m'chiuno? Tiyeni tikaike pafoni."

"Mwanawe, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pachala ngwa mphepo."

Anakangana mpaka nsima inazizira. Ine ndinamvetsera, ndipo kuyambira tsiku limenelo funsoli silinandichoke m'mutu, chifukwa silikhudza amalume okha. Likhudza mayi wopita ku Lundazi kudzera ku Jenda ndi Mqocha, mnyamata wokwera basi ya ku Joni, wamalonda wokapikula ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam, komanso mlendo wobwera kuno kwathu.

Mfundo yoyamba ya msuweni wanga inali ya akuba, ndipo ndi mfundo yolemera. Kuno nyengo ya fodya siibisika. Aliyense amadziwa mwezi umene msika watsegulidwa, amadziwa yemwe anakweza mabelo angati palole, ndipo mlimi akatuluka m'banki atavala jekete dzuwa likuswa mtengo, maso omwe akumuona si a abale okha. Tonse tili ndi nkhani ya munthu amene anakhetsa thukuta kuyambira panazale mpaka pajeke, miyezi isanu ndi inayi, n'kulandidwa zonse pamtunda wa pakati pa siteji ndi kwawo. Kunja kwa dziko vutolo limakula kawiri. Kumudzi ukakuwa anthu amatuluka chifukwa amadziwa mawu ako. Kuchilendo wokuperekeza kupolisi ulibe. Ndalama ya pafoni, anatero msuweni wanga, siili m'foni. Foni ikabedwa, umapita ndi chiphaso chako kukatenga simu ina ya nambala yomweyo, ndipo ndalama umazipeza zili momwemo, bola pini usauze munthu.

Anawonjezera china chimene amalume sanachiganizire. Mlendo sadziwa ndalama ya eni dziko. Ife K5,000 yachinyengo tingathe kuizindikira ndi chala chifukwa timaigwira tsiku ndi tsiku, koma ndalama ya ku Zambia taigwirapo kangati? Mu Malichi 2025 dziko la Zambia linatulutsa ndalama zamaonekedwe atsopano, kuphatikizapo mapepala a K200 ndi K500 omwe kunalibe. Munthu wa ku Chulu kapena ku Santhe amene amapitako kamodzi pa zaka ziwiri angadziwe bwanji pepala lenileni, lakale kapena lojambula? Ndipo amene anasinthapo ndalama kwa anyamata a pamalire amadziwa liwiro la zala zawo powerenga. Pafoni palibe pepala lachinyengo, palibe chenje choperewera, ndipo uthenga umatsala ngati mboni: tsiku, nthawi, dzina la wolandira.

Kenako anatambasula nkhani mpaka kutali. Ku Kenya M-Pesa inayamba mu 2007, ndipo lero mlendo wa ku Nairobi amalipira chakudya, galimoto ngakhale nthochi za m'mbali mwa msewu ndi foni. Anzake amene amakapikula ku Guangzhou amamuuza kuti kumeneko ogulitsa ambiri anazolowera Alipay ndi WeChat Pay moti ukatulutsa pepala ena amasowa chenje. Kwathu kuno Airtel Money inafika mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo tsopano palibe msika wa m'Kasungu, kaya ndi Nkhamenya, Chamama kapena Mtunthama, wopanda timanyumba ta maejenti. Nanga ndalama za ana athu a ku Joni? Kale ankapatsira dalaivala wa basi kapena mnzawo wobwera kumudzi, ina n'kufika yoperewera, ina osafika n'komwe. Lero amatumiza pa Mukuru m'mawa, masana mayi awo agula kale ufa. "Adada, ndalama za achimwene za ku Joni mumalandira bwanji? Si pafoni pomwepa?"

Amalume sanakane. Koma yankho lawo ndi limene linandichititsa kulemba nkhaniyi, chifukwa anagunda pamene pali vuto lenileni ngakhale sanaphunzire za chuma.

"Zobwera zimabwera. Nanga zotuluka zimatuluka?"

Anthu ambiri amene sanaolokepo malire amaganiza kuti popeza dzina la Airtel lili kuno ndipo lilinso ku Chipata, ndiye kuti chikwama ndi chimodzi. Ayi. Chikwama cha pafoni chili ngati nzika ya dziko limodzi. Cha kuno chimasunga kwacha ya Malawi ndipo chimayendera malamulo a Reserve Bank of Malawi. Cha uko chimasunga kwacha ya Zambia pansi pa Bank of Zambia. Ndalama ziwirizi n'zofanana dzina lokha. Yawo inayamba mu 1968 ndipo mwana wake ndi ngwee, yathu inayamba mu 1971 ndipo mwana wake ndi tambala, ndipo mu 2024 kwacha imodzi ya uko inkagula makwacha athu oposa 60 ngakhale pa mtengo wa kubanki. Ejenti wa pamsika wa Kapata ali ndi fuloti ya ndalama ya kwawo. Sungafike ndi nambala ya ku Malawi n'kumuuza kuti akutapitse monga umachitira pa Santhe. Kuti ulowe m'dongosolo lawo uyenera kugula simu ya komweko, ya Airtel, MTN kapena Zamtel, n'kuilembetsa ndi pasipoti. Amalume alibe pasipoti. Amaoloka ndi chitupa cha masiku ochepa cha pamalire. Ndiye ndalama zawo zikanalowa pafoni ya yani?

Apa ndi pamene mwambi wawo unali ndi mano. Ndalama yoti uli nayo koma sungaigwire pamene waifunira, imeneyo ndi fodya wa pachala.

Anali ndi madandaulo ena amene tonse timawadziwa. Netiweki imatha pa nthawi yoipitsitsa, wogulitsa atanyamula kale katundu. Batire limatha, ndipo kuchilendo sudziwa kotchajitsa. Ejenti amakuuza kuti fuloti yatha, bwerani masana, pamene galimoto yako ikunyamuka. Chikwama cha pafoni chili ndi malire a ndalama zimene chingasunge ndi zimene ungatumize pa tsiku. Potumiza amadula, potapa amadula, ndipo ku Zambia kuyambira Januwale 2024 boma limadulanso msonkho wake pa ndalama zotumizirana pafoni. Palinso akuba a mtundu wina, osanyamula chikwanje: amaimba ndi mawu aulemu kuti atumiza ndalama molakwika, muwabwezere, kapena kuti ndi a kukampani akufuna kukonza nambala yanu. Ine ndemwe ndinataya ndalama za feteleza matumba awiri mwa njira imeneyi zaka zapitazo, ndipo nditapita kukadandaula ndinabwerako ndi pepala lokha. Mlendo ndiye nyama yofewa kwa anthu otere, chifukwa sadziwa momwe uthenga weniweni wa kampani ya dziko la eni umaonekera. Ndipo amalume, monga akuluakulu ambiri, foni yawo ndi ya mabatani, ija tinkati mose wa lero, maso anayamba kuchita nkhungu, ndipo pini yawo amaidziwa ndi mdzukulu. Chitetezo chimene msuweni wanga ankatama chimadalira chinsinsi, pamene chinsinsicho kwa iwo chili kale m'manja mwa anthu awiri.

Komabe zonsezi ine ndimaziona ngati zazing'ono, zotheka kukonza. Netiweki ikukulirakulira, ana akuphunzitsa makolo awo. Chachikulu ndi mtengo wosinthira ndalama, ndipo apa ndikufuna ndikhalitse pang'ono.

Fodya wa ku Chinkhoma, ngati wa ku Kanengo, Limbe ndi Mzuzu, amagulidwa pa madola. Patikiti ya belo pamalembedwa madola ndi masenti pa kilogalamu. Fodya ndiye amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zimene dziko lino limapeza pogulitsa katundu kunja, ndipo chigwa cha Kasungu ndi chimodzi mwa nkhokwe zake zikuluzikulu kuyambira nthawi ya maesiteti a kampani ya Press ndi bungwe la fodya la KFCTA. Koma mlimi wamng'ono dola saiona. Chimafika m'buku lake la kubanki ndi kwacha, yosinthidwa pa mtengo wa boma. Mtengo umenewo unagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kufika cha m'ma K1,700 pa dola imodzi. Pamsewu dola yomweyo inathawira kutali, nthawi zina kuposa kawiri mtengo wa boma. Tsono mlimi uja akafuna kuoloka malire kukagula injini, amapita kubanki kukapempha ndalama zakunja, n'kuuzidwa kuti kulibe, alembetse adikire. Amene ali ndi makhadi a Visa aona momwe mabanki achepetsera ndalama zimene munthu angagwiritse ntchito kunja. Chilichonse chodutsa m'njira yovomerezeka, kaya ndi khadi, kaya ndi apu ya pafoni, chimadalira madola amene banki ili nawo. Madola akasowa, khomo lotulukira limapanikizika, ngakhale foni ikhale yamakono bwanji.

N'chifukwa chake mapepala akulamulirabe pamalire. Si kuti anthu ndi osazindikira. Wosintha ndalama wa pansi pa mtengo, ngakhale mtengo wake ndi wowawa ndipo malonda ake ndi oletsedwa ndi lamulo, amakupatsa ndalama ya uko nthawi yomweyo. Sindikulimbikitsa njira imeneyi. Anthu amamangidwa nayo, ndalama zimalandidwa, ndipo imadyetsa matenda omwewo amene akutidwalitsa. Koma amene amanyoza mlimi womanga ndalama m'chiuno ayambe wayankha kuti mlimiyo akanapita khomo liti.

Mlendo wobwera kuno amakumana ndi mpanda womwewo kuchokera mbali inayo. Taganizani za mzungu wobwera kudzaona njovu ku Lifupa m'nkhalango ya Kasungu, kapena mphunzitsi watsopano wa ku Kamuzu Academy. Apple Pay kapena Google Pay imene amagulira buledi kwawo ilibe ntchito pa mayi wogulitsa tomato pamsika wa boma, ngakhalenso kwa wakabaza. Khadi yake imagwira m'makina a banki ndi m'malo ogona akuluakulu, koma imasintha pa mtengo wa boma pamene mitengo ya zinthu m'sitolo inatsatira kale mtengo wa pamsewu, ndiye dziko losauka limamuonekera lodula modabwitsa. Akafuna kukhala ngati ife, agula simu, ailembetsa ndi pasipoti, popeza kuyambira 2018 MACRA imafuna kuti nambala iliyonse ikhale yolembetsedwa, kenako apita kwa ejenti ndi mpukutu wa mapepala kuti awalowetse pafoni. Akatero amapepukidwa ndithu: alipira mafuta, chakudya, malo ogona, popanda kuyenda ndi chikwama chodzaza. Kwa mlendo wokhala milungu ingapo ndinganene mosakayika kuti msuweni wanga akulondola. Kwa wongodutsa masiku awiri, ntchito yake ndi yochuluka kuposa phindu, ndipo zotsala pafoni potuluka sangapite nazo.

Dziko la China linaona vuto lomweli ndipo linachitapo kanthu. Alendo ankadandaula kuti akulephera kugula ngakhale madzi chifukwa mapulogalamu aja ankafuna akaunti ya banki ya komweko. Mu 2023 Alipay ndi WeChat Pay zinatsegula njira yoti mlendo alumikize khadi ya kwawo, ndipo mu 2024 anakweza malire a ndalama zolipira kamodzi kuchoka pa madola 1,000 kufika 5,000. Izi zikusonyeza kuti mpandawu anamanga ndi anthu ndipo anthu angathe kuugwetsa. Zikusonyezanso chowawa: kwa Mmalawi wa ku Guangzhou khomo limenelo latsegulidwa, koma khadi imene akulumikiza ndi ya banki ya kuno, yomwe madola ake ndi owerengeka.

Pali mlendo wina amene pa mitsutso ngati iyi amaiwalika, koma m'chigwa cha fodya ndiye wochuluka. Si wa ndege kapena wa kamera. Ndi munthu wobwera kudzalima, wochokera ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, ena kuchokera kutsidya ku Mozambique. Lamulo la ntchito linathetsa utenanti mu 2021, koma aliyense wokhala kuno amadziwa kuti mabanja akubwerabe mwezi wa Ogasiti ndi Sepitembala, kulandira chimanga pangongole, kudikira malipiro fodya akagulidwa. Kwa wa ku Mulanje wokhala ndi chiphaso cha unzika, foni yamuchitira chinthu chachikulu: amatumiza kumudzi osakwera basi, ndipo akalipidwa pafoni uthenga uja ndi umboni wa zimene walandiradi ngati patabuka mlandu. Ndikanakonda malipiro onse a m'minda akanamadutsa njira imeneyi. Koma wa kutsidya wopanda chiphaso cha kuno kapena pasipoti sangalembetse nambala m'dzina lake. Amabwereka ya kapitawo, ya mwini munda kapena ya mnzake. Thukuta lake la chaka chonse limakhala m'dzina la munthu wina, ndipo akakangana, pamaso pa kampani ndalamazo ndi za mwini nambala. Kwa munthu ameneyu mapepala a m'manja ndi chitetezo chokhacho chimene ali nacho. Amene amalota za dziko lopanda ndalama zamapepala amuganizire iyeyu kaye.

Ndiye ndaima pati? Pa za akuba ndi ndalama zachinyengo ndili mbali ya msuweni wanga, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu palibe mlimi akanayenda ndi K2 miliyoni m'chiuno kuchoka kubanki kupita kumudzi. Mkati mwa dziko mtsutsowu unatha, foni inapambana. Koma pamalire amalume ali ndi chilungamo chimene achinyamata safuna kuchimva. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa ulendo wa kunja ine ndaona kuti wovumbwa ndi amene wadalira phanga limodzi. Zochuluka zikhale pamene wakuba sangazifike, ngati njira yake ilipo; za galimoto, chakudya ndi pogona zikhale m'thumba, za ndalama ya eni dziko; ndipo nambala imene ukusungirapo ikhale ya dzina lako.

Chimene chimandipweteka n'chakuti malire amenewa agawa anthu amodzi. Chakumapeto kwa Ogasiti chaka chilichonse Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukachita mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mafumu a kuno kwathu amapita ndi anthu awo, malole odzaza. Pabwalopo chilankhulo n'chimodzi, gule ndi mmodzi, koma mayi wa ku Kasungu akafuna kugula chimanga chootcha kwa mayi mnzake wa ku Katete, pamafunika munthu wachitatu wosintha ndalama, ndipo mafoni awo, mwina a kampani ya dzina limodzi, samvana mosavuta. Maboma athu anamanga chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami, chimene a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegula mu Disembala 2022, kuti munthu asamaime pamzere kawiri. Thupi ndi katundu zapepukidwa, ndalama yatsalira. Mu Okutobala 2025 bungwe la COMESA linalengeza kuti layamba kuyesa njira yoti amalonda ang'onoang'ono azilipirana pafoni ndi ndalama za mayiko awo osadzera pa dola, ndipo anasankha kuyambira pakati pa Malawi ndi Zambia. Ndikuiyembekezera ndi mtima wonse. Koma funso limene mlimi adzafunse tsiku loyamba ndi la mtengo. Ikadzasintha pa mtengo umene wa ku Zambia akuona kuti akuluza, sadzavomera kulandira kwacha yathu, ndipo anyamata a pansi pa mtengo aja adzapitiriza ntchito yawo.

Amalume anapita ku Chipata sabata yotsatira, pamodzi ndi mwana wawo. Iye ali ndi pasipoti ndi simu ya ku Zambia, ndipo makasitomala ake a mtedza a kumeneko amamulipira pa nambala imeneyo, moti panali ndalama zokwana pafupifupi theka la mtengo wa injini. Anagwirizana kuti bambo ake amupatse theka la mpukutu uja kumudzi konkuno, iye akalipire ndi foni yake kusitolo. Theka limenelo silinaoloke malire n'komwe: makwacha athu anatsala ku Kasungu kugula mtedza wina, makwacha a Zambia anachoka pafoni ina kupita pa ina mumzinda wa Chipata. Theka linalo linayenda m'kansalu kaja, m'chiuno, ndipo amalume akuti sanagone tulo m'galimoto njira yonse.

Injini ili kudimba, ikupopa madzi. Koma bambo ndi mwana sanamalizane. Iye akuti theka lake liwerengedwe pa mtengo wa pamalire, chifukwa ndi umene akanagulitsira makwacha ake a Zambia. Amalume akuti liwerengedwe pa mtengo wa kubanki, chifukwa ndi umene iwo analipidwira fodya wawo ku Chinkhoma. Kusiyana kwake kukukwana matumba angapo a feteleza, ndipo nditapitako mwezi watha ndinapeza nkhaniyo aitengera kwa ankhoswe a pabanjapo.